Tizigamba ta Dzanja Lamanzere

4 Malichi

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi achemwali ndi ana awo. Kuno tilipo, kungoti ine ndasanduka katundu wa pabedi.

Kusikelo anamwino andiuza mosapsatira. Akuti magazi anga akuthamanga kwambiri, ndipo poti ndinapita padera kawiri konse, ulendo uno ndigone basi mpaka mlendo afike mu Julayi. Ntchito yanga yochapa zovala kuhotela ndasiya. Kutunga madzi ayi, kusesa ayi, za kukwera basi ndiye ananena chala chili pamphuno panga. Mkamwini wanu akamapita kugalaja amandiikira madzi ndi chakudya pampando pafupi ndi bedi, ngati akusiyira nkhuku yofungatira. Ndiye ndimangokhala maso ali kudenga. Malata a chipinda chino ndawadziwa onse, ndi pamene pamadontha pomwe. Munthu ukangokhala, maganizo amabwera osaitanidwa. Mwana akangoti duu pang'ono m'mimbamu, ine thukuta kale.

Ndikupempha chinthu chimodzi, ndipo musaseke. Ndiphunzitseni kuluka tizigamba ta ngodya zinayi tija mumalumikiza n'kukhala bulangete. Ndikudziwa kuti muja munkandiitana ndili mtsikana ndinkathawira kumpira, ndipo munanena kuti tsiku lina ndidzakugwadirani. Ndagwada, Amayi, ngakhale ndagwada chogona. Mkamwini wanu wandigulira singano ya kangowe ija ndi ulusi wobiriwira ndi woyera. Ndinayesa ndekha, koma chimene chinatuluka ngakhale mpheta singaikiremo mazira.

Nanga bondo lanu lija likuti bwanji? Yankho mupatse adalaivala a basi omwe aja, mkamwini wanu amadzera kudepoti akaweruka.

Ndine mwana wanu,
Mzime

15 Malichi

Iwe Mzime,

Akulemba ndi mkulu wakoyu, koma mawu ndi anga, ndipo ndamuuza kuti akachotsapo limodzi ndidziwa. Tili bwino. Bondo lilipo, silinapite kulikonse.

Wati ndisaseke. Ndaseka mpaka kutsamwa. Nanga mpira uja uli kuti lero, sukukufunditsa?

Tamvera tsono. Uyambe ndi timatcheni tinayi, utilumikize tikhale kamphete. M'kamphetemo uimike timizati titatu. Kamzati kamapangidwa chonchi: ukulunge ulusi pakangowe, ulowetse, ukoke, kenako uzitulutsa tiwiritiwiri. Ukatha titatu, timatcheni tiwiri, ngodya ndi imeneyo. Utero kanayi, kenako utseke. Pozungulira kachiwiri, kangowe kazilowa m'mipata, osati pamutu pa timizati, ndipo pangodya paliponse pamalowa magulu awiri. Ndakuikira kachigamba kamodzi kosamaliza kuti uone ndi maso, poti makutu ako ndimawadziwa.

Ulusi usamaukoke ngati ukumanga mbuzi yothawathawa. Ukaona kachigamba kakupindika ngati mbale, ndiye kuti mtima wako uli m'mwamba. Usiye, umwe madzi, uyambenso.

China, pakati pa tizigamba timeneti pamapendekera pang'ono mbali imodzi, ndi mmene timakhalira. Ukaona kuti tako tapendekera kwina, tanga kwina, usamasule n'kuyamba kulira. Ine ndine wamanzere, ndimazungulira mobwerera. Aphunzitsi analephera kundiwongola ndi rula, ndiye si iwe ungathe.

Bulangeteli tigawana. Iwe uziluka tako, ine tanga ndizitumiza ndi basi, udzalumikize wekha. Ndikakusiyira lonse udzamaliza mwana atayamba sukulu.

Za manthazo ndamva. Sindikuuza kuti usaope, chifukwa ine ndemwe ndikuopa. Koma ugone, mwana iwe. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Fumbi la m'nyumba silinaphepo munthu, ndipo mkamwini akapsereza chakudya udye osayankhula.

Ndine amako

2 Epulo

Amayi,

Moni nonse. Phukusi lachiwiri lafika, tizigamba tanu tonse tili bwinobwino. Koma ulusi wachikasu umenewu mwautenga kuti? Ukuwawa m'maso. Mkamwini wanu akuti mwanayo sitidzamutaya ngakhale magetsi atazima.

Ine ndikuyesetsa. Toyamba tinali mbale zenizeni, tina zipewa. Tsopano tayamba kugona pansi mwaulemu. Zoonadi, tanga tikupendekera kwina, tanu kwina. Mukanapanda kunena ndikanamasula tonse.

Pali china choti ndikuuzeni, poti munandilera kuti ndisamakubisireni. Lachiwiri m'mawa ndinaona kadontho ka magazi. Amayi, ndinalephera ngakhale kuitana. Ndinangogogoda khoma ndi kapu mpaka amayi oyandikana nafe anamva n'kuthamangira kugalaja. Kuchipatala anamvetsera ndi kachipangizo kawo, mtima wa mwana ukugunda. Anandibweza tsiku lomwelo, koma anamwino anauza mkamwini wanu ine ndikumva kuti chilichonse chondidzidzimutsa chikhoza kuwononga zonse. Chichokereni kumeneko akuyenda monyang'ama m'nyumba mwake momwe, ngakhale wailesi sakutsegula.

Ndikagwira kangowe mtima umakhala pansi. Ndimawerenga titatu, tiwiri, titatu, mutu osapeza mpata woganiza zina. Ndikatopa ndimanunkhiza tizigamba tanu, timamveka sopo wa kwathu.

Mundiyankhe msanga. Kalata zanu zokalipazo ndi zimene zikundisunga.

Mzime

19 Epulo

Alamu,

Moni. Kalatayi ndauza adalaivala kuti akupatseni m'manja mwanu. Muiwerengere kugalaja komweko, mukatha muing'ambe, isalowe m'nyumba.

Chakudza sichiimba ng'oma, alamu. Sabata ziwiri zapitazo Amayi anagwa pakhonde, kangowe kali m'manja. Ine ndinali kugolosale kwanga, anandiitana ndi ana. Adokotala akuti ndi matenda aja ofa ziwalo. Mbali yonse yakumanzere yagona, mkono ndi mwendo womwe, pakamwa papotoka. Atulutsidwa dzana. Akumva zonse, nzeru zili bwinobwino, koma mawu akutuluka olemera, mpaka uchite kuika khutu pafupi.

Mawu oyamba amene ndinawamvetsa kuchipatala anali akuti, "Mzime asamve." Ndinali nditawawerengera kale kalata yake ija ya kadontho ka magazi. Inu mukumudziwa mng'ono wanga. Akangomva, akwera basi, ndipo msewu wa kuno ndi wa tsiku lathunthu, mabampu okhaokha.

Ndiye taganiza chonchi. Makalata ndimalemba ndine kale, sadzadabwa ndi dzanja. Tizigamba ndiziluka ineyo. Ndinaphunzirako ndili mwana n'kusiya, tsopano ndatola kangowe ka Amayi, ndikulukira pakauntala makasitomala akachepa. Kalikonse ndimakasanjika pa ka Amayi kuti kukula kufanane. Ndaluka n'kumasula mpaka zala zatupa, koma tsopano ngakhale ine sindikusiyanitsa.

Mbali yanu ndi kusunga nkhope basi. Tingofika Julayi, zinazo tidzapepesa pambuyo.

Ndine mlamu wanu

26 Epulo

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikuyembekeza kuti uli bwino pamodzi ndi amuna ako. Ife kuno tili bwino kwambiri. Zikomo chifukwa cha kalata yako yabwino. Pepa kuti ndachedwa kuyankha, ntchito zinandichulukira.

Ndatumiza tizigamba tina, tobiriwira ndi toyera monga umakondera. Ndasangalala kumva kuti ukuluka bwino. Chonde uzimvera zonse zimene anamwino akunena, ndipo usamadandaule ndi chilichonse.

Ndine mayi ako okukonda

8 Meyi

Amayi,

Moni. Ndakulakwirani chiyani?

Ndadikira pafupifupi mwezi, maso ali kukhomo, ndiye kukubwera kalata ngati yochokera ku ofesi. Chibadwire changa simunandiuzepo "chonde". "Pepa" ndinamumva kamodzi, tsiku lija munandiponda phazi, ndiponso munawonjezera kuti phazilo linali panjira. Ndakuuzani za magazi, inu osatchulako n'komwe. Ndakuuzani kuti tizigamba tanga tawongoka, ndimayembekeza kuti munena kuti ndikunama.

Ngati ndi za ulusi wachikasu uja, ndinkangocheza, Amayi. Ndinkadziwa kuti mubwezera potumiza phukusi lachikasu chokhachokha, ndipo ndinali nditakonzeka kuseka. Koma mwauchotseratu. Kodi mwakwiya mpaka pamenepo?

Ndinafunsa mkamwini wanu ngati adalaivala ananenapo kanthu. Anati ayi, kenako anatuluka kukatsuka mbale zotsukatsuka kale.

Kuno mapazi atupa, nsapato sizikulowa. Mwana akusewera, makamaka ndikagonera kumanzere. Ndikalipireni, Amayi, ngakhale mizere iwiri yokha, kuti ndipeze tulo.

Mzime

20 Meyi

Achemwali,

Iyi ndikulembera inu, ndipo moni ndikupatsani mukandiuza zoona.

Yankho la kalata yanga silinabwere, kwangobwera phukusi lina lopanda mawu. Dzulo ndinati ndiyambe kulumikiza bulangete. Ndinayala tizigamba tonse pabedi, ta Amayi toyamba tija uku, tanga uku, tatsopano pakati. Ndinkafuna kusakaniza mitundu basi. Ndiye ndinaona.

Ta Amayi toyamba, pakati pake papendekera kuzenera. Tanga papendekera kukhomo. Tatsopanoti, tonse mpaka kotsiriza, tapendekera kukhomo ngati tanga. Ndinatizunguza mbali zonse, ndinapukuta maso, ndinaitana amayi oyandikana nafe kuti aone ndi maso awo osatopa. Sizinasinthe. Amene waluka timeneti ndi wamanja. Kukula mwafananitsa bwino, achemwali, ndikukuyamikirani, koma dzanja simungalibise.

Amayi akhala akuluka ndi manzere moyo wawo wonse. Sangasiyire munthu wina bulangete la mdzukulu wawo ali ndi mphamvu, ngakhale atakwiya chotani. Ndiye ndiuzeni. Akudwala? Ali kuchipatala? Kapena munawaika kale m'manda ine ndili pano kuwerenga timizati ngati chitsiru? Ngati ndi choncho sindidzakukhululukirani mpaka imfa.

Mukuganiza kuti mukunditeteza. Chiyambire dzulo sindinadye, mutu ukugunda, ndikungoona maliro paliponse. Chimene mukundibisiracho sichingapose zimene ndikuziona ndekha m'chipinda muno.

Ndikapanda kumva zoona pofika Loweruka la sabata yamawa, ndikwera basi. Anamwino anene zonena zawo.

Mng'ono wanu

22 Meyi

Alamu,

Moni. Zinthu zavuta kuno. Kalata imene mng'ono wanu wakulemberani ndaipereka ndekha kudepoti, ndipo zimene zili m'menemo sakuopseza chabe. Chikwama walongedza kale, chili pansi pa bedi.

Ine ndi munthu wa masipanala, bodza sindilitha. Akandiyang'ana ndimayang'ana pansi, ndiye wadziwa kuti ndikudziwa kanthu. Wandifunsa kuti, "Amayi ali moyo?" Ndinati ali moyo. Anati, "Nanga bwanji sukundiyang'ana?" Ndinangotuluka panja. Tsopano sakundiyankhula, kangowe wakaponya kuseri kwa kabati.

Lero ndinapita naye kusikelo, magazi akwera kuposa kale lonse. Anamwino anandikalipira ngati mwana, akuti ndikumuchita chiyani kunyumba. Nsapato zake ndabisa kugalaja, iye wati ngakhale kale sizimalowa, apita ndi patapata wanga.

Ndikamuuza zoona akwera basi. Ndikapanda kumuuza akwerabe. Kumumanga sindingathe. Ana awiri aja ndinakawaika ndekha, alamu, iye ali m'chipatala, ndipo kachitatu sindikudziwa ngati ndingapirire.

Ine sandimvera, inunso sakukhulupirirani. Pali munthu mmodzi yekha amene amamuopa. Muwawerengere Amayi makalata onse awiri, musachotsepo kanthu. Fulumirani.

Ndine mlamu wanu

27 Meyi

Iwe Mzime,

Sindinafe. Ngati unakonzeka kulira, misoziyo usunge, idzagwira ntchito tsiku lina.

Akulemba ndi mkulu wako yemwe uja. Kalatayi yatitengera m'mawa wonse, chifukwa lilime langa lasanduka laulesi ndipo mawu ena akuchita kundifunsa kawiri. Ndinagwa mwezi watha. Mbali yakumanzere yagona. Dzanja lija linakulera likungokhala pamwendo ngati mlendo wosadziwa chimene wabwerera. Kuyenda ndimachita kugwiriridwa. Ndikamamwa madzi, ena amabwerera pachifuwa. Zoona zimene umafuna ndi zimenezo, ndipo palibe china chotsala kuseri.

Bodza linali langa. Mkulu wako usamudzudzule, wakhala akundisambitsa, kugulitsa m'golosale ndi kulukira mwana wako nthawi imodzi. Mlandu wake ndi umodzi wokha, kundilembera kalata yaulemu ija ine ndili mtulo. Atandiwerengera ndinafuna kumugenda ndi kapu, koma dzanja lodziwa kugenda ndi lomwe lagonali.

Tsono tamvera, ndipo umve bwino. Ukakwera basi imeneyo udzandipeza pampando womwewu, ndipo kubwera kwako sikudzadzutsa mkonowu. Koma ukhoza kutsika pabasipo uli wekha, m'mimba mulibe kanthu. Matendawa andilephera, mwana iwe, koma zimenezo ndiye zingandimalize. Ndinakulandira kawiri uli manja lende, maso ofiira. Kachitatu ndikufuna ubwere utabereka munthu kumbuyo, ndidzamugwire ndi dzanja latsalali.

Ndikudziwa kuti pepala sulikhulupiriranso, poti cholembera ndi chomwe chija chinakunamiza. Ndiye tsegula kansalu kali m'phukusimu. Ndakhala ndikuyeserera chibwerere kuchipatala, ndi dzanja lamanja, lija lopanda nzeru. Ulusi mkulu wako amandikulungira ku chala chakufachi, kachigamba amakabaya ndi mapini papilo, ine n'kumakola ngati ndikuwedza. Tambiri tinathera pansi pa mpando. Kamene katha ndi kameneka. Ukaseka ndimva.

Ugone.

Ndine amako

Mzime, ndine mkulu wako, ndikuwonjezera pansi pano. Pepa, mng'ono wanga. Basi yathu yafera panjira, akuti itenga masiku. Phukusili ndapatsa munthu wa lole yonyamula matabwa, walonjeza kuti akalisiya kudepoti kwanuko. Sindikumudziwa bwino, ndipo sindikudziwa ngati afika Loweruka lisanakwane. Ndikungopemphera.

1 Juni

Amayi,

Moni, inu ndi achemwali. Moni wawo uja ndinawamana ndikuwapatsa lero.

Loweruka linakwana popanda yankho, ndipo ndinapita kudepoti. Basi yanu ija kunalibe, ndinagula tikiti ya ina yodzera njira yaitali. Ndinakhala pabenchi, chikwama pamiyendo, patapata wa mwamuna kumapazi. Mkamwini wanu anali atasiya kundichonderera, anangokhala pansi pafumbi pafupi ndi mapazi anga, munthu wamkulu, anthu akumulambalala. Kondakitala atayamba kuitana, kalaliki wa pazenera anatulutsa mutu n'kumufunsa ngati si iye amatenga maphukusi a ulusi aja. Akuti lina linasiyidwa ndi lole m'mawa womwewo, anali ataliponya pamwamba pa matumba.

Kalata ndinawerenga, mawu ndinawazindikira, koma mtima unkati achemwali aphunzira kukalipa basi. Kenako ndinamasula kansalu.

Amayi, kali ndi ngodya zisanu. Ndinawerenga katatu. Mbali ina n'kothina ngati chibakera, mbali ina mabowo olowa chala, mfundo paliponse. Achemwali sangaluke chinthu choipa chonchi ngakhale atachita kufuna, ndipo padziko lonse ndi inu nokha mungachitumize kwa munthu popanda manyazi. Munati ndikaseka mumva. Ndinaseka, kenako ndinalira mokweza mpaka amayi ogulitsa zipatso anabwera kudzandigwira. Basi inanyamuka ine ndili pabenchi pomwepo.

Ndikulemba ndili kuchipatala. Kuchokera kudepoti tinabwera kuno, ndipo magazi sanatsike, ndiye andigoneka mpaka tsiku lifike. Mtima wa mwana ukugunda, amandimvetsera m'mawa uliwonse. Akuti mwina amutulutsa nthawi isanakwane. Ndikuopa kwambiri, Amayi, ndipo ndikufuna kukuonani. Koma ndagona, ndipo sindidzuka mpaka atandiuza.

Kachigamba kanu sikakulowa paliponse pabulangete, ndayesa mbali zonse zisanu. Ndili nako m'manja muno.

Tsono nanenso ndili ndi lamulo langa. Muzitumiza kamodzi ndi basi iliyonse, kaya ka ngodya zitatu, kaya zisanu ndi ziwiri, bola kakhale ka dzanja lanu. Basi ikadzabwera yopanda kachigamba, musadzavutike kundilembera, ndidzadziwa ndekha kuti zinthu zavuta.

Ndine mwana wanu,
Mzime